Makumba Oyasama M'mawa

Nsomba yoyamba ndinaipeza itagada Lachiwiri m'mawa, mimba yoyera ili m'mwamba, pakona ya damu pomwe ndinkathirira madeya. Ndinaivuula ndi ndodo n'kuitembenuza uku ndi uku. Inalibe bala, maso ali bwinobwino, mamba onse alipo. Ndinaikwirira msangamsanga pansi pa nthochi kuti mkazi wanga asaione.

Damu limenelo ndinalikumba m'dimba la akuchikazi, kuno ku Domasi kumene ndinabwera kuchikamwini. Kale pamalopo pankalimidwa mpunga, ndipo amalume a mkazi wanga, eni mbumba, sanakondwe nazo. Anandiuza pamaso pa abale onse kuti, "Akamwini, tikupatsani chaka chimodzi. Nsombazo zikaoneka, damu likhale. Zikakanika, pabwerere mpunga." Ndinavomera mwamatama. Ndinali nditatopa ndi kulima m'minda ya eni, ndipo damulo linali chinthu chokhacho pamudzipo chimene anthu ankati ndi changa.

Miyezi inayi yoyamba zonse zinkayenda. Makumba anga anafika ngati zala zitatu zophatikiza, ndipo ndikamwaza madeya madzi ankachita kuwira. Koma pofika Okutobala, dzuwa litayamba kuwamba, zinthu zinasintha. M'mawa uliwonse ndinkapeza nsombazo zili pamwamba pa madzi, milomo yasa yasa, ngati ana a mbalame m'chisa. Dzuwa likakwera zinkamira, masana n'kumaoneka zamoyo ndithu. M'mawa mwake ziwiri zagada. Mkuja mwake zisanu.

Ine ndine munthu wa mtima wapachala, ndipo chinthu chikandisowetsa mtendere sindikhala pansi. Ndinkapita kudamuko kasanu ndi kawiri pa tsiku. Kutchalitchi ndinatuluka ulaliki uli mkati, abusa akundiyang'ana. Ndinayamba ndi kukayikira akakowa, n'kumanga zingwe pamwamba pa damu lonse. Kenako ndinati ndi ng'azi, ndipo ndinasesa udzu wonse m'mbali kufunafuna mapazi ake. Koma kakowa ndi ng'azi amadya, sasiya nsomba yathunthu ikuyandama.

Ku Songani, wogulitsa usipa wina amene sanawetepo ngakhale mbululu anandiuza molimba mtima kuti ndithiremo mchere. Ndinathira. Wina pa minibasi anati phulusa. Ndinathiranso. Mkazi wanga anati ndikafunse alangizi a za nsomba, koma ndinakana. Kupita kwa alangizi kukanakhala kulengeza kuti zandikanika, ndipo nkhani pamudzi pathu imafika kwa amalume iwe usanatsike njinga.

Ndiye ndinachita zimene tonse timachita ndi wodwala. Kwathu munthu akafooka timamuphikira phala, akakana timamukakamiza, akamaliza timawonjezera. Poona milomo yoyasama ija ndinati izi ndi njala basi. Madeya amene ndinkathira mbale imodzi ndinayamba kuthira zitatu. Zitosi za nkhuku, zomwe zimabiriwitsa madzi kuti nsomba zipeze chakudya, ndinakhuthuliramo thumba lonse. Mlendo akawonda manyazi amagwira mwini nyumba, ndipo ine sindinafune manyazi amenewo.

Sabata imeneyo zinafa zambiri moti pansi pa nthochi panadzaza.

Madzi a damulo ankachokera m'ngalande yodutsa m'munda wa mpunga wa alamu anga, mchimwene wa mkazi wanga, munthu wofatsa amene mawu ake pa tsiku ungawawerenge. Tsiku lina ndinawapeza akutsuka sipuleya yopopera mankhwala pafupi ndi ngalandeyo. Mutu unandiwira pomwepo.

"Alamu, ndinu eti? Mukundiphera nsomba kuti malowa muwatenge!"

Anaweramuka pang'onopang'ono. "Madziwa ndikutayira kumtunda uku, alamu. Taonani nokha."

"Ndionenji? Dyera basi! Ndakudziwani lero."

Amayi amene ankawokera mpunga chapafupi anaimirira n'kumamvetsera. Alamu anga anangosenza sipuleya yawo n'kumapita. Ine ndinatenga matope ndi miyala n'kutseka polowera madzi, kuti dontho ngakhale limodzi lochokera kwa iwo lisalowenso m'damu langa. Ndinabwerera kunyumba ndikudziona wochenjera kwambiri.

Patapita masiku atatu damu linayamba kununkha ngati mazira owola. Mkazi wanga sanandifunsenso. Anakwera njinga ya kabaza, n'kubwera ndi mlangizi, mayi wamfupi wovala majombo. Mayiyo sanafune kumva nkhani zanga za akakowa kapena za alamu. Anakwinya mkono wa malaya, anagwada m'mbali mwa damu, n'kulowetsa dzanja m'madzimo.

"Bambo, bwerani. Chikhatho changachi mukuchiona?"

"Ayi."

"Chasowa madzi asanafike n'komwe pamfundo ya dzanja. Madzi abwino, chikhatho chizioneka mpaka afike cha m'chigongono. Awa si madzi, ndi phala. Mukuthira madeya ochuluka bwanji?"

Ndinatchula mbale ziwiri. Mkazi wanga anakonza kuti zitatu, ndi thumba la zitosi pamwamba.

Mlangiziyo anakanda pansi ndi ndodo, ndipo panatuluka thope lakuda lochita thovu. Anafotokoza kuti madeya osadyedwa amawola pansi, ndipo kuwolako pamodzi ndi ndere zobiriwirazo zimamaliza mpweya m'madzi, makamaka m'bandakucha nyengo yotentha. "Kuyasama kuja sikupempha chakudya ayi, zikubanika. Siyani kudyetsa lero lomwe, ndipo madzi atsopano alowe usana ndi usiku. Polowera madzi ndi pati?"

Ndinaloza mulu wa matope ndi miyala uja. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana mkazi wanga. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya langa pamaso pa amayi awiri. Ndinachita manyazi oti sindinawachitepo chibadwire.

Kutsegula polowerapo sikunali kokwanira, chifukwa mu Okutobala ngalande imangodontha. Kuti damu lisukuluke, alamu anga anayenera kutseka madzi olowa m'munda mwawo kwa masiku anayi, mpunga wawo uli pofuna madzi kwambiri. Ndinazungulira nyumba yawo kawiri ndisanaodire. Ndinawapeza akusoka thumba pakhonde.

"Alamu, ndinakulakwirani. Nsomba zija ndimapha ndine."

Anamaliza kaye msoko wawo. "Ndamva kale. Madziwo mukufuna liti?"

Anakatseka okha madzulo omwewo. Masiku anayi amenewo ndinkayenda pakati pa damu ndi munda wawo ngati nkhuku yofuna poikira. Kuno madzi akuyera, uko nthaka ikung'aluka ndipo nsonga za mpunga zikufiira. Sindinadziwe kuti ndipempherere chiti. Nsomba zinasiya kufa pa tsiku lachitatu, koma ndime ziwiri za mpunga wa alamu sizinadzukenso.

Tinakolola nsombazo mu Disembala, amalume atakhala pa mpando pansi pa mango. Tinakoka ukonde katatu. Zonse zimene zinatuluka sizinadzaze beseni losambitsira mwana. Amalume anasuzumira m'besenimo, kenako anatembenukira kwa alamu anga.

"Iwe ndiye wataya mpunga pa nkhaniyi. Ukuti bwanji?"

"Apatseni chaka china, amalume. Pano adziwa."

Mawu amenewo anandiwawa kuposa akanandinyoza. Amalume anapukusa mutu. Anati pangano ndi pangano, ndipo banja limene lataya ndime ziwiri liyenera kupeza polima chaka chamawa. Sanakweze mawu, ndipo ine, amene pakamwa panga sipauma, ndinangovomera chifukwa ankanena zoona.

Abale anagwirizana kuti adzagumule khoma la damu Loweruka. Ine sindinathe kudikira Loweruka. Lachinayi m'mawa ndinatenga khasu n'kupita ndekha, chifukwa sindinafune kuti dzanja la munthu wina liyambe ntchito imeneyo. Dothi linali lolimba, ndinalipondaponda ndekha pomanga. Nditaboola, madzi anayamba kutsetserekera kumunsi, ndipo ndinakhala pakhomapo mpaka pansi panaoneka. M'thope munatsala makumba atatu amene anazemba ukonde, onenepa bwino, akuphiriphitha. Ndinawatola, ndinawatsuka m'ngalande, n'kukawasiya pakhomo pa alamu anga iwo ali kumunda.