Kadontho kosawala m'phapo la bambo a Chisomo

Lachinayi, itangokwana 11 koloko m'mawa, ndinali m'galimoto panja pa chipatala, poti chiyambire korona ife operekeza odwala sankatilola kulowa. Amuna anga, bambo a Chisomo, anatuluka akumwetulira mpaka masiki kutsika pamphuno.

"Mayi, nkhani palibe. Akuti kadontho kali m'phapomu n'kochepa, ndipo pachithunzi chomwe andijambula sikakuwala kwenikweni. Khansa imawala."

"Basi? Sananene china?"

"Akuti ndibwerenso pakatha miyezi itatu. Koma umenewo ndi mwambo chabe."

Lamlungu lake anapereka umboni pa mapemphero a mpingo a pa intaneti. Ma Ameni anachita kusefukira. Mkulu wina wa mpingo anati, "Munthu wochiritsidwa sabwerera kukafunsa ngati Mulungu wagwiradi ntchito." Miyezi ija itakwana, bambo anati, "Ndikakaonekanso kuchipatala, abale aziti umboni uja unali wabodza?" Sanapite.

Kadontho kaja kanali khansa, ndipo kanawatenga. Tinawaika kunja kuno, mumchenga wa eni, abale awo kumudzi akuonera pa foni chifukwa malire a dziko anali otseka.

Ine sukulu ndinalekeza sitandade 6, ntchito yanga n'kuchapa zovala kunyumba ya okalamba ku Midland. Koma dokotala amene anawasamalira kumapeto anandifotokozera mofatsa, ndipo ndinamva. Asanakujambuleni ndi makina otchedwa PET, amakubayani shuga woonekera pachithunzi. Chotupa cholusa chimadya shuga wambiri, ndiye chimawala. Vuto ndi loti diso la makinawo si lakuthwa. Chinthu chikachepa kwambiri, kuwala kwake kumamwazikira pa mnofu wozungulira, monga limachitira dontho la utoto pansalu yonyowa: limayanderera n'kuoneka lotuwa. Akatswiri ali ndi masamu obwezera kuwala komwazikako pamalo pake, koma ngakhale atero, pa kanthu kochepa satsimikiza. N'chifukwa chake amati mubwerenso. Sunali mwambo.

Ndalemba izi chifukwa Lamlungu lapitali ku tchalitchi ku Maddington, mayi Phiri anaimirira kuyamika kuti chithunzi cha amuna awo sichinawale. Anthu m'manja phwaphwaphwa. Titatuluka ndinawakokera pambali.

"Asisi, kanthuko n'kakakulu bwanji?"

"Akuti ngati nyemba."

"Tsiku lobwerera anakupatsani?"

"Aa, mayi a Chisomo, inunso! Musatipatsire tsoka lanu."

Madzulo mkulu uja anandiimbira foni, ati ndikufooketsa chikhulupiriro cha abale. Yemwe uja. Pamaliro a amuna anga anaimba mokweza kuposa tonse, kenako anapita kwawo kukadya ndi akazi awo.

Koma chondiwawa kwambiri ndi inu manesi. Mumpingo mwathu mwadzaza inu. Lolemba mumakumbutsa okalamba a kuno kuti asaphonye tsiku la dokotala. Lamlungu mumakuwa Ameni munthu wakwanu akulitaya tsiku lomwelo. Mumaopa chiyani? Kutchedwa opanda chikhulupiriro? Kodi Mulungu amakwiya munthu akakwera sitima yopita kuchipatala cha ku Murdoch kachiwiri?

Ine sindinasiye kupemphera. Ndangosiya kuwomba m'manja msanga.

Mayi Phiri sakundiyankha moni. Koma amuna awo, pamene anthu amamwa tiyi, anandinong'oneza kuti tsiku lawo ndi Lachisanu likubwerali, ndipo ankayang'ana uku ndi uku ngati akuba. Ndapempha kale tchuthi kuntchito. Lachisanu m'mawa ndikaima pageti pawo ndi galimoto ya bambo a Chisomo, ndipo ndiziliza hutala mpaka atuluke.