Mayi Amene Anathira Mankhwala mu Mbewu

Sabata yatha tinaika m'manda mayi amene tonse tinkawatcha Amakiyi. Dzinali linabwera chifukwa cha makiyi amene ankavala m'khosi pa chingwe chakuda, wa chitseko cha tchalitchi ndi wa kachipinda ka kuseri. Ankamveka asanaoneke, ndipo olongolola pakhomo la tchalitchi ankayamba kutsokomola akangomva zitsulozo.

Anabadwira m'banja losauka, ndipo makolo awo anamwalira iwo asanathe n'kusenza ndowa komwe. Anawalera ndi achimwene awo, mmisiri wa matabwa, amene anasiya sukulu kuti mlongo wake asamagone ndi njala. Kupemphera anaphunzirira kwa iwowo, atagwada pa utuchi. Atakula anakwatiwa, koma bambowo anapita kukafuna ntchito osabwereranso, ndipo mayiwa sanakhale ndi mwana. Sanadandaule pagulu. Anatenga tsache n'kuyamba kusesa m'tchalitchi, ndipo anasesa zaka makumi anayi.

Chaka china anankafumbwe atatha nkhokwe, mabanja a midzi isanu, opemphera nafe ndi osapemphera nafe, anapangana chinthu chimodzi. Pokolola, banja lililonse lizibweretsa mbewu yosankha, isungidwe pamodzi m'kachipinda ka kuseri kaja, ndipo mvula ikagwa aliyense adzatenge yodzala. Kiyi anapatsa Amakiyi. Iwo ankasakaniza chimanga, nyemba ndi mapira ndi phulusa, n'kutsekera m'migolo. Mwezi ndi mwezi ankakulunga njere zingapo m'chiguduli chonyowa kuti aone ngati zimera. Wobweretsa mbewu yofumbwa ankabwerera nayo, kaya akhale mkulu wa mpingo. "Mulungu sanamizidwa, nthaka nayonso," ankatero.

Kenako mvula inadula zaka ziwiri zotsatizana. Anthu anadya madeya, anadya mizu, mapeto ake ankangomwa madzi otentha. Ana anatupa mapazi. Belu la maliro tinasiya kuliza chifukwa woliza analibenso mphamvu. Ndipo maso a aliyense anayamba kutembenukira ku kachipinda kaja, pakuti phulusa limatsukika, ndipo panalibe amene sankadziwa zimenezo.

Lamlungu lina, mapemphero atatha, midzi isanu ija inakhala pansi. Mlangizi wa zaulimi ananena mosabisa kuti mbewuyo ikadyedwa ikwanira masiku khumi, ndipo pambuyo pake sipadzakhala chodzala. Anagwirizana kuti mawa lake abwere onse adzathiremo mankhwala ofiira otetezera mbewu, amene akalowa munthu sangadyenso. Manja onse anakwera m'mwamba. Tinenepo zoona, ngakhale zikutichititsa manyazi: Lolemba m'mawa panabwera munthu mmodzi yekha, mwini makiyi uja. Amakiyi anadikira mpaka dzuwa litakwera, akuyang'ana kumsewu. Kenako anagwada, anadzuka, anamanga kansalu pamphuno, n'kuthira mgolo ndi mgolo, chitseko chili pululu kuti wodutsa aliyense aone.

Lachitatu kunabwera alamu awo, akazi a achimwene aja, ali ndi kambale m'manja.

"Alamu, kambale kamodzi kokha. Achimwene anu sakudzukanso."

"Ndathira kale, alamu. Yonse."

"Osapatulako ngakhale ya m'manja? Munthu amene anakulerani?"

"Ndikanapatulira inu, ndikanawauza chiyani mayi a kuchitsime aja, amene aika ana awiri?"

Alamuwo anayang'ana zala zofiira za Amakiyi, n'kutembenuka. Amakiyi ankapita kwa achimwene awo tsiku lililonse ndi mizu imene akumba, n'kuisiya pakhomo, pakuti m'nyumba sankaloledwa kulowa. Patatha masiku asanu ndi anayi mmisiri uja anamwalira. Mvula inagwa patapita masabata atatu, ndipo masabata atatu amenewo anawapweteka mumtima moyo wawo wonse.

Midzi isanu inadzala. Kunabweranso anthu a kutsidya kwa mtsinje, amene anali atadya mbewu yawo, ndipo gulu linawagawira. Kumene mbewuyo sinafike, anthu anasamuka, ndipo nyumba zawo zinagwa zokha. Alamu aja nawonso anabwera pa mzere, poti anali ndi ana. Anatambasula thumba nkhope ili kumbali. Kuyambira tsikulo, zaka makumi awiri, sanawapatsenso moni Amakiyi, ngakhale ankalandira mgonero pa guwa limodzi.

Anthu atakhuta anayamba kutamanda Amakiyi, ena mwa iwo omwe aja anabisala Lolemba lija. Amakiyi sankafuna kumva. Chimene anapempha n'chimodzi, ndipo anaumirira mpaka chinachitika: pachitseko cha kachipinda paikidwe maloko asanu, mudzi uliwonse kiyi wake. "Si kuti sindikukhulupirirani," anatero. "Koma tsiku loipa likadzabweranso, mudzabwere nonse. Asadzaimenso munthu mmodzi pamenepa."

Matenda anawagwira chaka chatha, ndipo anafooka pang'onopang'ono osavutitsa munthu. Tsiku lomaliza, masana, ansembe anabwera kudzawadzoza mafuta, ndipo pofuna kuwalimbitsa mtima anati, "Mayi, mudzi uno ulipo chifukwa cha inu."

"Ndamva, abambo," anayankha motsitsa mawu. "Koma ndikakafika, ndikayamba ndapempha kuonana ndi achimwene. Zinazo pambuyo."

Alamu aja anali atakhala pakhonde kuyambira m'mawa, osalowa. Atamva mawuwo anadzuka ndi ndodo yawo, analowa, anaviika kansalu m'kapu, n'kuwanyowetsa milomo. Amakiyi anawayang'ana, anatseka maso, ndipo mpweya unatha mwakachetechete ngati munthu wogona tulo.

Sitilemba pano kuti alamuwo anakhululuka, chifukwa sitikudziwa, ndipo palibe amene walimba mtima kuwafunsa. Chimene tinaona n'chakuti mtembo anasambitsa ndi iwo, ndipo sanalole wina aliyense kugwira manja aja. Ambuye awalandire mtumiki wawo, ndipo atikhululukire ife amene tinakweza manja Lamlungu n'kukhala kunyumba Lolemba.