Mkaka Unagona ku Limbe

Pakhomo pathu aliyense amadziwa kuti mwana wanga anasiya kuyamwa ali ndi miyezi isanu ndi itatu chifukwa ndinasowa minibasi ku Limbe. Ndi zimene ndinauza mayi anga, ndi zimenenso ndinauza bambo ake. Si zoona ayi. Maminibasi analipo. Ine ndinanyamuka ku Domasi m'mawa umenewo nditabisa kale bulauzi yachiwiri ndi mswachi m'kati mwa failo ya masatifiketi.

Zinayamba ndi kalata imene inadzera kusukulu kumene bambo a mwanayu ankaphunzitsa. Kampani ina yaikulu ya mu Blantyre, yolemba mapulogalamu a kompyuta n'kumakawaika m'maofesi a makampani ena, inkandiitana ku mayeso a masiku awiri. Tsiku loyamba, kulemba pulogalamu papepala kenako kuitayipa pamakina. Lachiwiri, kukhala pamaso pa mabwana n'kufotokoza zimene walembazo. Satifiketi ya zamakompyuta ndinali nayo, koma chitengereni mimba kompyuta ndinali ndisanaikhudzenso. Pa fomu yawo, pofunsa za ana, ndinali nditangojambula kamzere. Anandilangiza zimenezi ndi mnzanga wa ku koleji amene ankachita lendi ku Limbe. Akuti ntchitoyo njoyendayenda, lero Lilongwe mawa Mzuzu, ndipo wa khanda kumsana amangomupatsa moni wabwino basi.

Ndinali ndi milungu itatu yokonzekera, makope anga akale, ndi pensulo. Ku koleji anatiphunzitsa kuti pulogalamu usanaipatse makina uziyamba waiyendetsa wekha, mzere ndi mzere, ukudziyesa chitsiru chongochita zimene chauzidwa. Koma munthu sukhala chitsiru pa zolemba zako zomwe. Pamene walakwitsa pomwepo ndi pamene maso amalumpha. Ndinayesa kuti bambo a mwana akhale makina anga. Iwo, paja ndi aphunzitsi, ankakonza zolakwazo chamumtima n'kundipatsa yankho loona.

"Musamaganize, inu," ndinkawauza. "Muzingochita zimene ndawerengazo."

"Ndiye mukanakwatiwa ndi mbuzi, amake mwana," anatero, n'kutenga njinga yawo.

Amene anatha ntchitoyi ndi mayi anga. Inali nyengo yokolola mpunga, ndipo masana ankakhala pabwalo kulondera umene tayanika kuti nkhuku zisautole. Ndinaika zitsononkho khumi pamkeka, zazitali ndi zazifupi mosakaniza, n'kuwapempha kuti azichita zokhazo zimene ndinene. Pulogalamu yanga inali yondandalika zinthu kuyambira chaching'ono. Ndinkawerenga mzere wa COBOL, chinenero cholembera mapulogalamuwo, n'kuunena m'Chichewa.

"Gwirani ziwiri zoyamba. Ngati chakumanzere n'chachitali, zisinthanitseni. Sunthani dzanja kamodzi. Bwerezani."

Anachita bwinobwino mpaka chitsononkho chomaliza. Kenako dzanja linapitirira, linatsika pamkeka, likusisita dothi, iwo akukhwekhwereza thako kulitsatira.

"Amayi, nanga mukupita kuti?"

"Ku Songani. Iwe sunandiuze poimira."

Ndinayang'ana pepala. Zoonadi, sindinalembe kuti makina aleke akafika kumapeto. Kuyambira tsiku limenelo masana onse tinkakhala pamkekapo, mwana akukwawa pakati pathu n'kumatibera zitsononkho. Ndikalakwitsa ankachita cholakwacho mosaphethira n'komwe. Tsiku lina anasinthanitsa ziwiri zomwezo kambirimbiri mpaka ndinachita kuwagwira mkono.

"Makina ako enieniwo amamwa tiyi?" anandifunsa. "Chifukwa awa amamwa. Kateleke."

Kutatsala mlungu umodzi, ndikuyamwitsa, anafunsa funso limene ndinkalizemba.

"Masiku awiri akowa, mwanayu ukagona naye kuti?"

Kwathu kuno mayi woyamwitsa akagona kutali ndi mwana ngakhale kamodzi kokha, amati mkaka wasasa, ndipo mwana akauyamwa amatsegula m'mimba. Bere limathera pomwepo. Anamwino a kusikelo ankatsutsa zimenezi. Ankati ungofinya n'kupitiriza, palibe chimene chimaonongeka. Ine zonse ziwirizo ndinkazidziwa.

"Ndipita nawe," anatero mayi. "Ndikakhala naye pansi pa mtengo panja pa ofesipo. Ukamva kulira, utuluke."

Ndinaziona m'maganizo: mayi anga ndi chitenje chawo cha chigwirizano cha amayi akutchalitchi pageti pa kampani, mlonda akubwera kudzandiitana pakati pa mayeso, kamzere kanga ka pafomu kakulira panja.

"Ayi amayi, mpunga mbalame zitha. Ndikamaliza ndibwerera madzulo omwewo, m'mawa ndidzalawirirenso."

Anangoti chabwino. Nthawi imeneyo n'kuti nditamulembera kale mnzanga uja kuti andisungire pogona.

Chipinda cholembera mayeso chinali chozizira, makina ali ndandanda atavundikiridwa ndi mapulasitiki. Akazi tinalipo awiri. Winayo anavala thalauza, paja n'kuti boma litangotiloleza kumene akazife kuvala mathalauza, ndipo ankatembenuza cholembera pazala ngati wazolowera. Funso lalikulu linali londandalika mayina a antchito potsata manambala awo, kenako kuwasindikiza. Ndinayamba ndi kulemba poimira, zina zonse pambuyo. Pomafika masana mabere anali gwa ngati mapapaya aawisi. Ndinakafinyira kuchimbudzi, n'kusintha tinsalu ta thewera timene ndinaika mu kamisolo, n'kubwerera kukatayipa. Makina anandikanira kawiri chifukwa cha kadontho kamene ndinaiwala. Kachitatu anasindikiza.

Tinatuluka dzuwa likanali pamwamba. Ndinadutsa pa siteji ya ku Limbe penipeni, makondakitala akukuwa za Zomba. Wina anandigwira failo.

"Tiyeni sisi, malo atsala amodzi, tikunyamuka pompano!"

Ndinamuuza kuti sindikupita. Kwa mnzanga ndinagona tulo mpaka kutacha, koyamba chibadwireni mwana. Sindinalote chilichonse. Ndikanakonda kulemba kuti ndinalira, koma sindinalire.

Tsiku lachiwiri mabwana atatu anali ndi pepala langa patebulo. Anandifunsa chifukwa chimene ndinayambira kumapeto. Ndinati makina sadziwa polekera ukapanda kuwauza, ndipo wamkulu wawo anagwedeza mutu. Za zitsononkho sindinatchule. Kenako anafunsa ngati ndingathe kukhala mlungu wathunthu kunja kwa Blantyre atandituma. Ndinati palibe chondimanga.

Ndinafika kunyumba chakumadzulo. Mwana anali atasasa mawu. Atangondiona anaponya manja, n'kuyamba kukoka mabatani a bulauzi. Mayi anamulanda.

"Usayerekeze. Mkaka wagona uwo."

Apa ndi pamene pali nkhani yanga yeniyeni. Ndikanatha kunena zimene anamwino amanena. Bambo ake anali pomwepo, ndipo akanandiikira kumbuyo, chifukwa iwo zamiyambozi sazigwiritsa kwenikweni. Anandiyang'ana, akudikira kuti ndiyambe ndine. Ine ndinangoti zii. Ndinali nditaona kale kuti ntchito ikapezeka mwanayu adzayenera kusiya bere basi, ndipo kunali kopepuka kuti amusiyitse ndi mwambo kusiyana n'kuti ndimusiyitse ndine. Ndinalowa m'nyumba n'kudzimanga pachifuwa ndi chitenje, mmene mayi anandiuzira, kuti mkaka uphwe.

Phala ankalilavula. Patapita masiku anatsegulabe m'mimba, ngakhale mkaka wosasawo sanaulawe. Pa khadi la kusikelo mzere wake unatsika, mwezi wotsatira unatsikanso. Namwino anandifunsa pamaso pa amayi onse kuti ndamusiyitsiranji mwana wamng'ono chonchi. Anayankha ndi mayi anga, kuti mwana wawo anapita kukafuna ntchito ndipo ulendo unamuvuta, si dala. Anayankha mokweza, mondimenyera nkhondo. Mwezi wachitatu mzere unaima, kenako unayamba kukwera pang'onopang'ono.

Kalata ya ntchito inabwera mkati mwa masiku omwewo. Ndinayamba mwezi wotsatira, mwana n'kutsala ndi agogo ake, ine ndikubwera Loweruka ndikakhala kuti sananditume kutali. Za mwanayo kuofesi anadziwa patapita chaka, ndipo palibe anafunsapo kanthu. Mwina akanandilemba ngakhale akanamuona pageti paja. Mwinanso ayi. Zimenezo sindidzazidziwa.

Chaka chino mwana uja wayamba sitandade wani. Pamzere wa kalasi yake amaima kutsogolo chifukwa ndiye wamfupi kuposa onse, ndipo nyengo yozizira ikafika sachedwa kudwala chifuwa. Adokotala ena anandiuza kuti ana ena amangobadwa otero, ndisadzivute. Bambo ake akuti watengera azakhali ake. Ine ndikamamusambitsa ndimazunguliza zala ziwiri pamkono pake, zimakumana, ndipo ndimayamba kuwerengera miyezi imene akanayamwabe. Ntchitoyo ndimaikonda, ndisakunamizeni, ndipo ndimaitha. Mayi akukalamba, ndipo sindinaganizebe ngati ndidzawauze zoona za minibasi ija.

Ndiye ndikufunseni inu amene mwawerenga mpaka pano, makamaka amayi anzanga: pamene bambo ake ankandiyang'ana paja, ine n'kukhala chete, ndinachita bwino kodi?