Makapisozi m'madzi a nkhuku

Matipate atangoyamba, mavenda anadzaza msika wa ku Salima ngati ngumbi. Mankhwala amene kale tinkalandira kuchipatala kokha anayamba kuyalidwa pathumba, pakati pa sopo ndi mabatire. Makapisozi aja ofiira uku, achikasu uku, ankagulitsidwa ngati maswiti.

Ife kwathu kunyanja tinawapezera ntchito ina. Nyengo yotentha ikafika, chitopa chinkapululutsa nkhuku. Ndiye tinkatsegula kapisozi, kuthira ufa wake m'phale la madzi, nkhuku n'kumamwa. Mudzi wonse unkatero. Munthu akachira mankhwala asanathe, otsalawo ankapatsa mnzake kuti akathandize ziweto. Tinkati ndi chikondi.

"Tengani amayi," ankatero venda wina wandevu. "Ino ndi demokalase, nayo nkhuku ili ndi ufulu womwa kapisozi."

"Nanga ikachira idzavotera ndani?" ndinkamufunsa, tonse n'kuseka.

Nthawi imeneyo mwana wanga wamkazi, wotsiriza, anali akukwawa. Ankathamangitsa nkhuku ndi mawondo pabwalo, ndipo chilichonse chimene watola chinkapita kukamwa. Ndinkasesa, Mulungu ndi mboni, koma nkhuku sidikira tsache.

Anayamba kutsegula m'mimba, thupi kutentha, kenako magazi. Bambo ake anali ku Mbenji kokapha utaka, ndipo pachilumba paja mkazi sapondapo. Ndinatumiza mawu kwa anthu a boti, ine n'kubereka mwana ulendo wa kuchipatala cha ku boma.

Anatilandira bwino, sindinganame. Anamuika diripi, anamupatsa mankhwala akumwa. Sanasinthe. Anayesa ena, kenako jakisoni, koma mwana ankangofota. Tsiku lina anesi ena achikulire, amene ankatizondabe ngakhale ataweruka, anakhala m'mphepete mwa bedi.

"Mayi, kunyumba mumaweta chiyani?"

"Nkhuku basi."

"Mumazimwetsa makapisozi?"

Ndinavomera. Iwo anausa moyo.

"Si inu nokha. Koma tizilombo ta m'mimba mwa nkhuku tikamalawa mankhwala pang'onopang'ono, tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana. Timatuluka ndi zitosi. Tikalowa mwa munthu, timagawira tinzake kulimba kuja. Pofika ife ndi mankhwala, timakhala titawazolowera kale."

"Ndiye kuti ndi nkhuku zanga?"

"Sindinganene choncho. Mwina zanu, mwina za anzanu, mwina madzi. Taitanitsa mankhwala ena amphamvu ku Lilongwe. Tiyeni tipemphere afike msanga."

Tinapemphera pomwepo, atandigwira phewa. Mankhwala aja anafikadi, koma anapeza mwana atatsala mafupa okhaokha. Anatisiya m'mawa dzuwa litakwera, ali pabere koma osayamwa.

Galimoto ya chipatala inali itapita kutali ndi wodwala wina, ndipo a matola sanyamula maliro pamodzi ndi anthu. Anesi aja anamupukuta kumaso, anamuveka kachipewa kake, n'kundibereketsa kumbuyo ngati wamoyo.

"Musalire mpaka mukatsike," anandiuza. "Akadziwa akutsitsani panjira."

Ndinakwera pikapu yodzaza ndi madengu a nsomba opanda kanthu. Msewu unali wa mabampu. Bambo wina amene anakhala moyang'anizana nane anati, "Koma mwana wofatsa uyu! Mabampu onsewa osadzuka? Wanga bwenzi atatiboola makutu." Anthu anaseka. Inenso ndinaonetsa mano, mumtima ndikungoti Yesu, ndigwireni pakhosi.

Pambali panga panali mayi wachisilamu, wa mpango woyera, atanyamula thumba la mpunga. Galimoto itagwedezeka, dzanja lawo linakhudza kaphazi ka mwana. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Anamasula chitenje chawo chapamwamba, anafunditsa kumbuyo kwanga mpaka kumapazi aja.

"Achimwene, tachepetsani phokoso," anauza bambo uja. "Mwana wagona."

Anandigwira dzanja kunsi kwa chitenje njira yonse. Titafika cha ku Maganga, kondakitala anawakuwira kuti apa ndiye munati mutsika. Iwo anati, "Ndasintha maganizo, pitirira."

Anatsika pamene ndinatsikira ine. Tinaima mumchenga mpaka pikapu itakhota. Kenako anaika thumba lawo pansi, anayala chitenje pamthunzi wa mtengo wa mango, anandimasula mfundo ya pachifuwa chifukwa zala zanga zinali zitauma.

"Tsopano lirani, mayi," anatero.

Koma anayamba kulira ndi iwo, mokweza, mpaka amayi a m'mudzi mwathu anamva n'kubwera akuthamanga. Mayi a mpango woyera aja anagona pasiwa, anachoka titaika. Dzina lawo sindinalifunse, koma Ambuye amene ndimawapempherera kwa Iye akulidziwa.