Kanema Amene Ankafupika

Nthawi inali itangopitirira 10 koloko m'mawa, ndipo a Fyness NyaShaba anali pakhonde, tepi ya vidiyo ili pamiyendo, akuibweza ndi chogwirira cha supuni. Deki yawo, makina oonetsera matepi, inasiya kalekale kubweza yokha. Amalowetsa supuniyo pabowo la tepi n'kumapotokola pang'onopang'ono, dzanja likatopa n'kusintha linalo. Pachingwe anali atayanika kale nsalu ziwiri za pabedi ndi pulasitiki ya pamatiresi. Kale ntchito yobwezayi inkawatengera pafupifupi ola lathunthu. Tsiku limenelo, Lolemba la sabata yatha, inatha madzi a phala asanawire.

Takhala moyandikana zaka khumi ndi zinayi kuno ku Mzimba boma, chibwerereni ife kuchokera ku Chikangawa kumene bambo a kwathu ankacheka matabwa. Nyumba zathu zalekana ndi mpanda wa udzu basi. Iwo amanditchula anyina Melissa, ine ndimawatchula a NyaShaba, ndipo timacheza m'Chichewa chifukwa Chitumbuka changa chimawaseketsa.

A NyaShaba anabadwira kufupi ndi Champhira, m'banja la ana asanu ndi atatu. Sukulu analekezera Sitandade 5 mayi awo atadwala, popeza mtsikana wamkulu anali iwowo. Anakwatiwa akadali wamng'ono ndi a Kalebe Nhlane a ku Manyamula, amene panthawiyo ankagwira ntchito kwa wansembe wina wa ku Italiya pamishoni ina kum'mwera kwa boma lino. Ntchito ya a Kalebe inali kuliza jenereta ndi kuonetsa anthu kanema Loweruka. Wansembeyo atakalamba, pobwerera kwawo anawasiyira sikirini, deki ndi katoni ya matepi. Ndi katundu ameneyu banjali linasamukira kuboma mu 1994, n'kutsegula nyumba yoonetsera vidiyo chakufupi ndi depoti, yomangidwa ndi zigwagwa, matabwa otsala kocheka aja.

Masiku a ntchito ankaonetsa za karate ndi za nkhondo, zomwe a Kalebe ankakagula ku Mzuzu. Koma m'katoni ya wansembe munali tepi imodzi ya kanema wakale kwambiri, wa zithunzi zakuda ndi zoyera. Wansembe ankati kanemayu anamupanga Afalansa ndi Mataliyana mothandizana, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ili mkati, kwawoko chakudya chikusowa. Ankati nkhuku zimene zimaoneka patebulo la ukwati zinali zosema n'kupaka utoto, ndipo onse oseka ndi kuvina aja ankasewera m'mimba muli gwa. Kaya zinali zoona, a NyaShaba sadziwa. Amangoti anthu ake ndi owondadi, kupatulako mmodzi.

Nkhani yake ndi ya telala amene wasoka thalauza la mkwati n'kulifupikitsa. Pothawa akubisala m'kabati ya zovala, osadziwa kuti kabatiyo ndi mphatso, ndipo anthu akuinyamula kupita nayo kuukwati komweko. Kumeneko mwini hotela, wonenepa uja, akuthamangitsana ndi tsekwe amene wathawa mpeni. Palibe ankamva chilankhulo cha m'kanemamo, ngakhale a Kalebe amene. Choncho iwo ankaima pambali pa sikirini n'kumalankhulira aliyense, kusakaniza Chitumbuka ndi Chichewa. Telala anamupatsa dzina loti Zondwayo, wa hotela anakhala a Matthews, tsekwe ankalankhula ngati mlaliki wa pamsika. Lamulungu lililonse masana, poonetsa kanemayu, nyumbayo inkadzaza, ena kuchokera kumidzi panjinga, ndipo ankabweranso sabata yotsatira chifukwa cha pakamwa pa a Kalebe. Mpaka lero madala ena kuno akaona mnzawo wavala thalauza lolendewera pamwamba pa nsapato amamufunsa ngati wasoketsa kwa Zondwayo.

Pachikwangwani panalembedwa dzina la a Kalebe lokha. A NyaShaba ndiwo ankasesa makoko a mtedza ndi a nzimbe m'mawa uliwonse, kutulutsa mabenchi padzuwa kuti nsikidzi zithawe, kusenza batire pamutu kukatchajitsa, madzi ake n'kumawabowolera zitenje. Kanema akayamba ankakhala panja pakhomo, mwana kumsana, atafulatira chitseko, kuletsa olowa mozemba. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anamumva kanemayu kudzera m'mipata ya zigwagwa: nyimbo, mawu a azungu, mawu a amuna awo, kenako chiseko cha anthu. Kumuona atakhala pansi, sanamuonepo. Nditawafunsa chifukwa chake anati palibe anawaletsa, kungoti pakhomo pankafunika munthu.

Ntchito ina imene inagwera iwo inali yolumikiza tepi. Deki ikaitafuna, a Kalebe ankapsa mtima n'kutuluka panja. A NyaShaba ankaitenga, kuiyala pathebulo, kudula ndi lezala mbali yokwinyikayo, n'kulumikiza nsonga ziwirizo ndi kyuteksi wa zikhadabo. Palibe anawaphunzitsa. Mbali yoyamba kudulidwa inali ya kumayambiriro, kumene kunali dzina la kanema ndi mayina a omupanga. Panthawiyo palibe anadandaula, poti pamenepo panalibe choseketsa.

Nyumba ya vidiyo inatsekedwa mu 2012, anthu atayamba kuonera pamafoni ndi m'nyumba zawo. A Kalebe anayamba kukonza mawailesi pakhonde la sitolo ina, mayi n'kumagulitsa tomato ndi anyezi. Mu Juni 2021, m'mawa wozizira, a Kalebe anagwa akusamba. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafa, ndipo munthu amene ankalankhulira azungu asanu ndi tsekwe anatsala ndi kubuula basi.

Powatulutsa, anamwino analangiza a NyaShaba kuti aziwapatsa phala lamadzimadzi, supuni theka, n'kudikira ameze. Koma atafika kunyumba a Kalebe analuma mano. A NyaShaba amati anali manyazi, chifukwa phala linkatsika ndi chibwano iwo akuona. Masabata atatu anangokhalira madzi ndi tiyi wochepa, mpaka mphete inayamba kuvuka yokha pachala. Azichemwali awo anabwera kuchokera ku Manyamula, anapemphera, anadya zimene mlamu wawo anaphika, ananena kuti mlamuyo sadziwa kunyengerera wodwala, n'kukwera matola ya 3 koloko.

Tsiku lina a Kalebe analimbikira kuloza ndi dzanja lamanzere pamwamba pa kabati, pamene panali deki itakutidwa ndi nsalu. A NyaShaba anaitsitsa, kuipukuta fumbi, kulumikiza mawaya monga ankaonera, n'kuika tepi ija. Ndilo tsiku loyamba kumuona kanemayu ndi maso.

“Ine ndinkayesa Zondwayo ndi wamfupi,” anandiuza madzulo ake pampanda. “Mbwenu kumuona, wamtali chomene, maso achisoni ngati wafedwa. Ndipo kumbuyo kuli mayi wina amangonyamula mbale, kulowa, kutuluka, kanema yense. Bambo sanamupatsepo liwu ngakhale limodzi.”

A Kalebe tsiku limenelo poyamba sanaseke. Azungu ankangobwebweta zawo, iwo n'kumabuula, kumenya mpando ndi dzanja lamoyolo. A NyaShaba anachedwa kumva chimene ankafuna. Kenako, nyimbo ya telala itayamba, a NyaShaba anangopezeka akulankhula mawu a amuna awo aja. Mawu onse anatuluka m'ndondomeko yake, mpaka pamene a Kalebe ankatsokomola kale iwonso anatsokomola. Atafika pa tsekwe akulalikira a Matthews kuti alape asanamuphe, pakamwa pa wodwala panatseguka mbali imodzi, phewa n'kumagwedezeka. A NyaShaba anathamangira kukhitchini kukatenga phala lozizira kale, ndipo linatha.

Kuyambira pamenepo, 12 koloko iliyonse ine ndinkamva nyimbo ija kudutsa mpanda. A NyaShaba amakhala pakampando moyang'anizana ndi amuna awo, sikirini ili kumbuyo kwawo, mbale pamiyendo. Pamene kanema wafika amadziwira kukhutu. Supuni siilowa munthu ali mkati moseka, angatsamwe. Imalowa chiseko chikangotha, pakamwa pasanatsekeke. Malo onse otere amawadziwa. Kamodzi anayesa kumupatsa dzina mayi wa mbale uja, anamutcha Mable, n'kumulankhulitsa kuti msana wamupweteka ndipo aliyense atsuke mbale yake. A Kalebe anamenya mpando mpaka a NyaShaba anabwerera ku mawu akale. Pondiuza zimenezi ankaseka, amvekere ngakhale wodwala safuna wina amulande ntchito.

Koma tepi imene inazolowera kamodzi pasabata tsopano inkazungulira tsiku ndi tsiku, ili yokalamba kale. Mwezi sunkatha deki isanaitafune. A NyaShaba ankadula, kulumikiza, kudulanso. Gule wa paukwati anapita. Kabati ikutsetsereka pamasitepe, pomwe a Kalebe ankaseka kwambiri, inapitanso. Zondwayo ankalowa m'kabati kenako n'kungopezeka ali pamsewu akuthawa, ndipo a NyaShaba ankalumpha mawu a pakatipo ngati munthu wolumpha ngalande. Kanema wa ola ndi theka anatsika kufika ola limodzi, kenako kuchepera apo. Mbale ya phala imafuna mphindi makumi anayi. Kanema atafupika kuposa pamenepo, mbale inayamba kubwerera kukhitchini ndi zotsala, chifukwa sikirini ikangoyera a Kalebe amalumanso mano, ndipo kubweza tepi ndi supuni kuti ayambirenso kumawapeza atagona.

Mwana wawo Honest, amene ali ku Joni, anabwera pa Khirisimasi. Anati masiku ano kanema aliyense amapezeka pafoni, angomuuza dzina lake. Dzina linapita ndi lezala kalekale, ndipo pepala la pachikuto linayera ndi manja a anthu. Anafufuza masiku awiri, kulemba za telala, za tsekwe, za kabati, osapeza kanthu. Anakwera basi kupita kumishoni kuja. Ansembe a kumeneko ndi achinyamata, za matepi sanamvepo. Pomaliza anajambula sikirini ndi foni yake. Zinatuluka zazing'ono, mizere ikuyendayenda, ndipo bambo ake ataziona kamodzi anatembenukira kukhoma. Honest si mwana woipa, amatumiza sopo ndi mankhwala osaphonya. Pa 3 Januwale anabwerera ku ntchito.

Lolemba lija, tepi inali itatsala ya mphindi khumi ndi ziwiri. Ndinali kuseri ndikupeta nyemba pamene nyimbo inayamba. Ndinamva mawu a a NyaShaba akulankhula ngati a Matthews, mokhuthala, kenako phokoso ngati la pepala likufinyidwa, kenako zii. Patapita nthawi anatuluka atafumbata chinthu chakuda chopotanapotana ngati matumbo a nkhuku. Anakhala nacho pathebulo la pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Akalumikiza apa, chinkaduka apo. Chinali chitauma moti lezala sinkafunikanso. Sanandiitane, inenso sindinapite, poti ndimawadziwa: akakhala pamavuto safuna maso a munthu.

Lachiwiri ndinawamva akunena mawu onse a kanema popanda nyimbo, kuyambira pa thalauza mpaka paukwati, ndi mbali zodulidwa zomwe. Mbale inatuluka yodzaza, anakhuthulira nkhuku. Lachitatu chimodzimodzi.

Lachinayi m'mawa anazungulira mpanda n'kulowa pakhomo panga, chinthu chimene sachitachita, chifukwa zathu zonse timakambirana pamwamba pa udzu. Mpando anaukana, anakhala pasitepe n'kutambasula miyendo. Tinapatsana moni, anafunsa za adzukulu anga, za mpiru wa kudimba. Kenako anafotokoza. Anati dzulo lake, ataona kuti mawu okha sakuthandiza, mtima unawapsa, anaika mbale pansi n'kuimirira. Anakweza chitenje kufika m'misongolo n'kuyamba kuyenda monga amayendera Zondwayo, mawondo patsogolo, khosi litalowa m'mapewa. Anatenga tsache n'kuthamangitsa tsekwe wosaoneka kuzungulira thebulo. A Kalebe anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka misozi. Koma pofika iwo pambale, kuwerama, kutunga phala, pakamwa panali patatsekeka kale. Anayesa katatu. Kachitatu bondo linawagwira, anakhala pansi pasimenti, awiriwo n'kumangoyang'anana.

A NyaShaba ali ndi zaka 62, ndi mayi wa Umanyano, bungwe la amayi kutchalitchi kwawo, ndipo sindinawaonepo akuvina ngakhale paukwati wa mwana wawo. Pofotokoza zonsezi ankayang'ana zala zawo, zomwe zinali zikadali ndi madontho a kyuteksi.

“Anyina Melissa, ndapota,” anatero. “Ndikudziwa muli ndi dimba, muli ndi adzukulu. Koma 12 koloko muzibwera mudzagwire supuni, ine ndiziimirira. Theka basi, mudikire ameze, ndipo powapukuta chibwano musawayang'ane m'maso. Chitseko tizitseka, a kutchalitchi asamve. Masiku angati, ine sindingakuuzeni. Tiyambe lero, phala ndateleka kale.”