Kagalasi ka Abusa

Kuseri kwa chipatala kuli kachipinda ka windo limodzi, konunkha mankhwala, komwe mayi wina wakhala akuyeza makhololo kwa zaka zoposa makumi awiri. Anzawo amangowatchula kuti a Magalasi. Ntchito yawo ndi kupaka makhololo pa kagalasi, kuthirapo utoto wofiira ndi wabuluu, kenako kuyang'ana m'maikulosikopu ngati muli tizilombo ta TB. Kagalasi sikalembedwa dzina la wodwala, koma nambala. Ndipo saloledwa kunena kuti mulibe kanthu asanayang'ane malo zana limodzi pa kagalasi komweko.

M'chipindamo mumakumana anthu atatu osiyana chikhulupiriro. A Magalasi ndi Mkhristu wosajomba kutchalitchi. Mnzawo wa ntchito, a Ndevu, ndi Msilamu amene masana amayala kamkeka pafupi ndi firiji n'kupemphera. Dokotala amene amalandira zotsatira sakhulupirira Mulungu, ndipo sabisa.

"Amayi, mukupemphera kuti tizilombo tithawe?" amatero akawapeza atawerama m'mawa.

"Ayi, adokotala, ndikupempherera maso angawa kuti asaname. Anuwo amawapempherera ndani?"

"Ine ndili ndi mandala."

Ophunzira amakonda kutsutsana ngati chipembedzo ndi sayansi zingagone m'nyumba imodzi. Funso limenelo ndi lalikulu kwambiri moti silikwana m'kachipindaka. Mmenemo funso ndi laling'ono koma lowawa: kodi munthu angathe kuona chimene mtima wake sukufuna kuti chikhalepo?

Funsoli linawagwera a Magalasi chaka chimene mlongo wawo wamkulu, m'busa wa mpingo wawo womwewo, anadwala TB. Atamwa mankhwala miyezi iwiri m'malo mwa isanu ndi umodzi, chifuwa chinaleka ndipo thupi linabwerera. Popeza mpingo unali utasala kudya masiku atatu kuwapempherera, abusa anaima paguwa n'kulengeza kuti achira, mankhwala asiya. Anthu anaomba m'manja. A Magalasi, amene anaonapo ambiri osiyira mankhwala panjira akubwerera pamachira, manja awo anakhala pamiyendo.

Anapirira masabata atatu, kenako anapita kunyumba kwa mlongo wawoyo ndi kabotolo m'chikwama.

"Achimwene, lavulirani umu ndikayeze."

"Achemwali, mukufuna kumuika Mulungu pansi pa makina anuwo?"

"Mulungu sangakwane pa kagalasi. Ine ndikufuna makhololo anu basi."

Anapangana kuti mukapanda tizilombo, a Magalasi adzaima pamaso pa mpingo kuchitira umboni. Tikapezeka, abusa ayambiranso mankhwala.

Chimene a Magalasi anachita m'mawa mwake ndi chimene chimandichititsa kuwalemekeza. Sanadzikhulupirire. Palibe amene ankalakalaka kuposa iwo kuti mlongo wawo akhale atachiradi, ndipo ankadziwa kuti diso lolakalaka limatopa msanga, limasiyira pa malo makumi asanu n'kunena kuti lamaliza. Choncho anapereka kabotolo kwa a Ndevu kuti apake okha, alembe nambala, asakanize kagalasiko ndi ena makumi awiri a tsikulo, nambalayo aibise m'thumba.

A Magalasi anayang'ana magalasi onsewo mofanana, lililonse ngati la mlongo wawo. Atatu anali ndi tizilombo. A Ndevu anabwereza osaona zimene mnzawo walemba, ndipo anapeza atatu omwewo. Atatulutsa kapepala m'thumba, nambala ya abusa inali imodzi mwa zitatuzo.

Atamva zotsatirazo, abusa anafika okha m'kachipindamo, atavala suti.

"Ndidziwa bwanji kuti kagalasiko ndi kanga? Wasunga nambala ndi Msilamu, wosayina sapemphera n'komwe."

"Ndiye ubwino wake, abusa," anayankha a Ndevu mofatsa. "Umboni wanu ine sundipatsa kanthu, sundilanda kanthu."

A Magalasi sanatsutsane nawo. Anawapatsa kabotolo kena, n'kuwapatsanso pensulo kuti alembe okha chizindikiro pa kagalasi katsopano. Abusa anajambula kamtanda. Anakhala pampando wopanda choyedzamira, akuonerera mlongo wawo akupaka, akuumitsa, akuthira utoto, akutsuka. Pomaliza a Magalasi anawaitana ku maikulosikopu.

"Musatsinzine diso linalo. Mukuona chiyani?"

"Buluu yekhayekha."

"Dikirani." Anazunguza kachitsulo pang'ono.

"Timitengo tofiira," anatero abusa. Diso lawo silinachoke pomwepo. "Tochuluka bwanji. Nanga mpingo ndikauuza chiyani?"

"Imeneyo ndi ntchito yanu, achimwene. Yanga yathera apa."

Lamulungu lotsatira abusa anauza mpingo kuti anafulumira kulankhula. Ena anamvetsa. Ena anati mlongo wawo wawafooketsa chikhulupiriro, ndipo pachisankho chotsatira a Magalasi anachotsedwa pa utsogoleri wa amayi. Sanasiye mpingowo, ndipo sanapepese. Kwa miyezi yonse ya mankhwala, m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, ankadzera kwa abusa, kuwaika mapilitsi m'dzanja, n'kuima pomwepo mpaka atameza.

"Tsegulani pakamwa ndione."

"Achemwali, ine ndi m'busa wanu."

"Ndikudziwa, abusa. Kwezani lilime."