Madzi Ochokera Kuseri kwa Nyumba

Ndikukumbukira chaka chimene tinasamuka ku Mnkhanya, atate atachotsedwa kukampu ya agemu, olondera nyama zakutchire, n'kutumizidwa kuboma la Mambwe. Nyumba za ogwira ntchito zinali zodzaza, choncho tinamanga yathu ya njerwa zosawotcha m'tsinde mwa phiri, kumene tauni inkathera. Kutsogolo tinkaona malata a maofesi akunyezimira. Kuseri kunali miyala, nsungwi ndi anyani amene ankatiyang'anitsitsa ngati tawalanda malo. Ndinali mu Giredi 8, ndipo m'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku ndinalemba mokondwa kuti tafika kumene madzi sangatipeze.

Ife akuchigwa tinkadziwa madzi amtundu umodzi, okwera kuchokera kumtsinje. Kwathu munthu wanzeru amakweza khonde mvula isanagwe. Amayi anachita zomwezo. Anaunjika dothi pakhomo mpaka lofika m'mawondo, n'kulizira bwino ndi dongo lakuda moti linkawala. Kuseri sanakhudzeko.

Mu Okutobala makasu anayamba kulira m'mudzi monse, aliyense akukumba kuseri kwa nyumba yake. Amake Yosefe, anansi athu amene ankagulitsa zitumbuwa kumaofesi, anaima pampanda pathu.

"Mwaswera bwanji, amake Esnati? Nanga ngalande yanu ili kuti?"

"Ngalande ya chiyani? Mtsinje uli kutali, mwina mamailosi faifi."

"Phiri ili limakodza, mayi. Khoma lanu lakuseri lidzagona pansi."

Amayi anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Ine ndinakulira m'madzi osefukira, ng'ona zimandidziwa dzina. Phiri lindiphunzitse chiyani?"

Mvula yoyamba yamphamvu inagwa masana, atate ali kutchire pa ulonda wa masabata awiri. Ndinali nditangovula yunifomu. Fungo la dothi lonyowa linali lokoma, ndipo ndinaima pazenera kulikoka m'mphuno. Kenako ndinamva mkokomo kumtunda. Madzi ofiira anatsika ndi masamba, timiyala ndi ndowe za mbuzi, n'kudzagunda khoma lakuseri. Posakhalitsa analowa pansi pake n'kudzaza m'chipinda. Potulukira panalibe, chifukwa khonde lokongola lija linawatsekera m'nyumba ngati damu. Ndinakanikiza chala pa njerwa yam'munsi, chinalowa ngati m'phala. Nyumba ina tinalibe, ndipo kumanganso nthawi ya dzinja kunali kosatheka.

Amake Yosefe anafika akuthamanga, chitenje chili m'mawondo, amayi ena atatu ali pambuyo ndi makasu. Anandipeza ndikutola mabuku anga m'madzi. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangoloza pakhomo.

"Gumulani apa, madzi atuluke. Esnati, siya mabukuwo, tenga khasu!"

Amayi anayang'ana khonde lawo kanthawi, kenako analitema okha. Madzi anatuluka ndi nsapato imodzi ya atate, imene sitinaionenso. Ife tinakumba kuseri mvula ikutimenya pamsana, matope akuterera m'zala, mpaka madzi anapatuka n'kudutsa m'mbali mwa nyumba. Khoma linatupa pakati ngati mimba, koma silinagwe. Atate atabwera analichirikiza ndi mtengo wa tsanya, ndipo tinagona pansi pake mpaka ndinamaliza sekondale.

Lero nyumba za simenti zakwera mpaka pakati pa phiri, nsungwi zinatha, ndipo madzi amatsika mwaukali kuposa kale. Aliyense amamanga mpanda wake n'kukankhira madziwo kwa wam'munsi. Amayi sanazolowere zimenezi. Mpaka ukalamba wawo, akangomva kuti kwabwera banja latsopano lochokera kuchigwa, ankanyamuka ndi ndodo yawo, ndipo asanamalize n'komwe moni ankazungulira kuseri kwa nyumba ya eni ake, n'kulemba pansi podutsa ngalande.